Ana a Sayansi Akafika Pakhomo: Phunziro la Amayi Mvula Isanagwe

Musanayambe kukambirana phunziro la mwezi uno, mmodzi wa inu awerenge mokweza nkhani ya Namani pa 2 Mafumu 5:1-14. Ambirife timaikumbukira chifukwa cha mneneri Elisa ndi mtsinje wa Yordani. Lero muyang'anitsitse munthu wina amene sitimutchula kawirikawiri: kamtsikana kogwidwa ku nkhondo, kantchito ka m'nyumba, kamene ngakhale dzina lake silinalembedwe. Ndiko kankadziwa kumene kunali machiritso. Koma kamwana kotero sikakanaima pamaso pa mkulu wa asilikali n'kumuuza chochita. Kanauza mayi wa m'nyumbamo, ndipo mawuwo anamufika Namani. Atafika kwa mneneri n'kuuzidwa kuti akangosamba mumtsinje, Namani anapsa mtima chifukwa mankhwalawo anamuchepera. Anachita kumunyengerera antchito ake.

Nkhani yathu ya kolera ili chimodzimodzi. Pali ana amene akudziwa kanthu, pali mankhwala ooneka achabechabe monga sopo, chivundikiro cha ndowa ndi paketi ya Thanzi, ndiye pakufunika mayi woti awamvere anawo n'kuwatsegulira khomo.

Zimene mzinda wathu unaona

Kolera woopsa uja anayamba m'Malichi 2022 m'chigawo cha kummwera, pambuyo pa namondwe wa Ana. Zaka zambiri matendawa amazilala mvula ikatha, koma chaka chimenecho anapitirira chilimwe chonse mpaka anafika m'maboma onse a dziko lino. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwu ndi ngozi pa umoyo wa anthu m'dziko muno, ndipo m'Febuluwale 2023 anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona, muno mu Lilongwe. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Chiyambire mu 1973, pamene kolera anaoneka koyamba m'Malawi, sitinaonepo mliri wopha anthu chotere. Boma la Lilongwe linali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri, ndipo amene munkadutsa pa chipatala cha Bwaila masiku amenewo simunaiwale matenti aja.

Akatswiri amati odwala kolera akalandira chithandizo msanga, omwalira sayenera kufika mmodzi pa anthu 100 alionse. Ife tinataya pafupifupi atatu pa 100 alionse. Ambiri anafika kuchipatala madzi atawathera kale m'thupi, ena anamwalirira kunyumba kapena panjira. Kusiyana kwa mmodzi ndi atatu kumeneku kunachitikira pakhomo, m'maola oyambirira, pamene banja linkati tidikire kuche.

Ana athu nawo anakhudzidwa. Sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zimene zinayenera kutsegulidwa pa 3 Januwale 2023 zinachedwa ndi masabata awiri. Tinawasunga kunyumba kuti tiwateteze, ndipo tinachita bwino. Koma ena mwa ana omwewo anali a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene anali ataphunzira kale mmene tizilombo timalowera m'thupi. Anakhala phee m'nyumba, pamene kunja kunkayenda mphekesera zoti diripi ikupha anthu, mpaka m'madera ena anthu anaphwanya zipatala.

Inu a ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 43 ndi kwina kumene madzi amatuluka m'nyumba momwemo, musati nkhaniyi ndi ya kwa Mtandire kapena ya ku Kauma. Madzi akasiya kutuluka mumasunga m'migolo ngati wina aliyense. Ndiwo zamasamba ndi nsomba mumagula kumsika waukulu womwewo wa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Amene amakuphikirani ndi kukulererani ana amagona kumene chimbudzi chimodzi chimatumikira mabanja angapo. Komanso anthu ambiri amene alowedwa ndi tizilombo ta kolera sadwala n'komwe, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku ofika 10. Mpanda wa njerwa sutchinga zimenezo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anawo akudziwa chiyani?

Kugwiritsa ntchito ana asukulu pofalitsa uthenga wa zaumoyo si chinthu chachilendo. Ambiri a inu munali m'makalabu a Edzi Toto, ndipo mukukumbukira kuti nkhani zimene makolo ankachita nazo manyazi zinalowa m'nyumba zambiri kudzera m'masewero a ana. Kunja kuno njirayi ili ndi dzina, Child-to-Child. Anaiyambitsa dokotala wa ana David Morley ndi katswiri wa zamaphunziro Hugh Hawes a pa yunivesite ya London pokonzekera chaka cha 1979, chimene chinali Chaka cha Ana pa dziko lonse. Anaona chimene mayi aliyense wa kuno akudziwa kale: wobereka khanda kumbuyo, wolimwetsa madzi ndi kulipukuta nthawi zambiri ndi mkulu wake wa zaka 10. Ukamuphunzitsa ameneyo, wafika pa khandalo.

Mu Lilongwe tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Pafupi ndi Kamuzu Central Hospital pali ophunzira unamwino ndi uzamba a Kamuzu University of Health Sciences. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi yake muno. Ku Bunda kuli ophunzira za zakudya ndi za chilengedwe a LUANAR. Ndiye pali sekondale zathu monga Likuni Girls, Likuni Boys, St John's, Lilongwe Girls ndi Bwaila, kuphatikizapo masukulu oyendera a m'madera mwathu. Ambiri mwa achinyamata amenewa timapemphera nawo Misa imodzi, ena ndi a kwaya, ena ndi otumikira ku guwa.

Vuto limene ndimaona ndi lakuti sayansi ya kusukulu imathera muholo. Ana amakonzekera chionetsero cha sayansi, ngati chija chimachitikira ku Kamuzu Academy, amaika zinthu zawo patebulo, amafotokoza m'Chingerezi chosalala, oweruza amalemba malikisi, wopambana amatenga chikho, basi zathera pomwepo. Sindikunyoza mpikisano, umawalimbikitsa anawo. Koma pa mpikisano sukulu iliyonse imabisira inzake nzeru, pamene madzi onyansa ochokera kumtunda safunsa kuti mwana wa nyumba ino amavala yunifolomu yanji. Chimene tikufuna n'chakuti magulu a sukulu zosiyana agawane ntchito m'dera limodzi: ena ajambule mapu, ena ayeze madzi, a unamwino aphunzitse za Thanzi, kenako akhale pansi pamodzi n'kulumikiza zimene apeza. Malo okumanirapo alipo kale, ndi holo ya parishi. Anthu odziwa khomo lililonse aliponso, ndinu.

Mapu a dokotala ndi miyendo ya m'busa

Mu 1854 kolera anabuka m'dera la Soho mumzinda wa London ndipo anapha anthu oposa 600, ambiri a iwo m'masiku ochepa chabe. Nthawi imeneyo anthu ophunzira ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala John Snow sankavomereza. Anafufuza nyumba zimene munachitika maliro n'kuona kuti zaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Anapempha akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigowo, ndipo anachotsadi. Mapu amene anajambula, a timizere takuda pa nyumba iliyonse ya maliro, amaphunzitsidwa mpaka lero m'sukulu za zaumoyo.

Gawo limene ambiri salitchula ndi la m'busa wachinyamata wa mpingo wa Anglican, Henry Whitehead, amene ankatumikira m'dera lomwelo. Poyamba sanamukhulupirire Snow, ndipo anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuti amutsutse. Iye ankawadziwa anthuwo. Ankadziwa amene anathawira kwa abale, amene anamwalirira kwina, ndi amene sakanamuuza mlendo zoona. Mayankho amene anapeza anamutembenuza maganizo. Ndiyenso amene anatulukira gwero la mliriwo: panali khanda lotsekula m'mimba pa nyumba ina ya mumsewu womwewo, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa limene linali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigo uja.

Taimani kaye pamenepa, amayi. Ndi angati a ife amene timaona chimbudzi cha khanda ngati chopanda vuto? Madzi ochapira matewera timawakhuthulira kuti? Nanga matewera ogula aja, amene adzaza m'ngalande ndi m'mbali mwa Lingadzi, amathera kuti mvula ikagwa?

Mapu otere ana a Fomu 2 akhoza kujambula pa pepala lalikulu limodzi. Aikepo kiyosiki iliyonse, mjigo, chitsime chokumba pamanja, zimbudzi, dzala, ngalande ndi malo ogulitsira zakudya zophikaphika. Ayeze ndi mapazi mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime. Malangizo ambiri amati pakhale mamita osachepera 30, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime. M'maploti athu othinana mtunda umenewu supezeka kawirikawiri, ndiye mapuwo angotiuza zitsime zimene madzi ake asamwedwe osathira mankhwala. Zimene ana sangadziwe muwauze inu: kiyosiki imene imatseka msanga, nyumba imene imatunga kumtsinje kumapeto a mwezi ndalama zikatha, chimbudzi chimene chimasefukira chaka ndi chaka. Pamapupo pasalembedwe dzina la munthu. Tikufufuza njira ya madzi, osati munthu womuloza chala.

Pakati pa mpopi ndi kapu

Phunziro lachiwiri likuchokera kwathu konkuno. Mu 1993, pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, ofufuza anaona kuti madzi ankatuluka pa mjigo ali abwino, koma akafika kunyumba ankapezeka ndi tizilombo ta m'chimbudzi. Ankawadetsa ndi manja a otunga omwe. Mabanja ena anapatsidwa ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi kakamwa kothirira, yoti dzanja silingalowemo. M'ndowa zimenezo tizilombo tinachepa ndi 69 pa 100 alionse, ndipo kutsekula m'mimba kwa ana osafika zaka zisanu kunachepa ndi 31 pa 100 alionse. Kafukufuku wina pa msasa womwewo anapeza kuti m'nyumba zimene munali sopo, kutsekula m'mimba kunali kochepa ndi 27 pa 100 alionse.

Nkhani imeneyi ikunena za ife, chifukwa ambiri timadzitonthoza kuti timamwa madzi a Water Board. Inde, madzi amachoka kumalo oyeretsera atathiridwa klorini. Koma taganizirani ulendo wake. Ndowa yadzadza pa kiyosiki, zala zalowa m'madzi poisenza. Kunyumba yakhala yosavundikira. Kapu yotungira ndi yomweyo yomwera, ndipo mwana wochokera kuchimbudzi waiviika mpaka pamkono. Mgolo wosungira madzi sunatsukidwe chiugulireni.

Mukangonena zimenezi pamsonkhano anthu amagwedeza mitu, mawa n'kuchita zomwezo. Apa m'pamene ana a sayansi amatiposa, chifukwa amatha kuonetsa. Pali timabotolo toyezera madzi timene mkati mwake muli kapepala ka mankhwala. Mukathiramo madzi n'kusunga tsiku limodzi kapena awiri, madziwo amada bii ngati muli tizilombo ta mtundu wopezeka m'zonyansa. Sitinena kuti muli kolera, timangochenjeza kuti zonyansa zapeza njira. Gulu la ana litenge madzi atatu a nyumba imodzi: a pampopi, a mumgolo ndi a m'kapu yomwera. Likadzabwera ndi mabotolo atatuwo n'kuwaika patebulo, woyamba ali mbee, wachitatu ali bii, sipafunikanso ulaliki. Alangizi a zaumoyo kapena a ofesi ya zaumoyo ya boma ndi amene angakuuzeni ngati timabotolo totere kapena zoyezera klorini zingapezeke.

Zikapanda kupezeka, pali zoonetsa zina zosalira ndalama. Mwana mmodzi apake m'manja mafuta ophikira osakaniza ndi makala osinja, apatse moni anzake asanu, onse asambe m'beseni limodzi monga timachitira pa nsima, ndiye womaliza aonetse manja ake ndi madzi otsalawo. Kenako abwereze pothirirana madzi ndi sopo. Akhozanso kumanga mpondagiya pafupi ndi chimbudzi cha parishi, wa kagubu, chingwe ndi mitengo itatu, kuti aliyense aone kuti si ntchito ya mmisiri.

Afotokozenso chifukwa chake klorini amalephera m'madzi a matope: mphamvu yake imathera pa zinyalalazo isanafike pa tizilombo. Madzi otuwa ayambe adikha, asefedwe pa chitenje choyera chopinda kanayi, kenako athiridwe WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi pa muyezo umene mwauzidwa, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Ku Bangladesh, kusefa madzi a m'mitsinje ndi m'maiwe pa nsalu yakale ya amayi yopinda kangapo kunachepetsa kolera pafupifupi ndi theka m'midzi imene anayesera. Chitenje chimathandiza ndithu, koma sichilowa m'malo mwa klorini kapena kuwiritsa.

Shuga, mchere ndi maola oyambirira

Kolera amapha pokhetsa madzi. Tizilombo take tikafika m'matumbo timatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kutaya madzi ndi mchere m'malo moyamwa. Chimbudzi chimaoneka ngati madzi otsukira mpunga, munthu amasanza, maso amalowa, miyendo imakokana, mkodzo umasiya. Munthu wamkulu wamphamvu akhoza kutha tsiku lomwelo. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 12 ndi masiku asanu chilowereni tizilomboto.

Funsani mwana wa Fomu 4 chifukwa chake m'paketi ya Thanzi muli shuga. Ngati anamvetsera m'kalasi akuuzani kuti m'matumbo muli kakhomo kamene poizoni wa kolera sakatseka. Pa kakhomo kameneko shuga ndi mchere zimalowa zitagwirana, ndipo madzi amazitsatira. Mchere wokha sulowa bwino. Shuga akachuluka, monga mu zakumwa za m'mabotolo, amakokera madzi m'matumbo n'kuonjezera kutsekulako. N'chifukwa chake muyezo si nkhani yoyerekeza: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, osati theka la paketi m'kapu, ndipo zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Ngati paketi palibe, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere m'lita imodzi zikhoza kumusunga munthu panjira. Ndati panjira. Wodwala azimwa pang'onopang'ono akupita kuchipatala, ngakhale ndi usiku, ndipo khanda lisasiye kuyamwa.

Mu 1971, pa msasa wa othawa nkhondo kumalire a India ndi Bangladesh, madiripi anamuthera dokotala Dilip Mahalanabis. Anasungunula shuga ndi mchere m'migolo n'kuuza achibale a odwala kuti aziwamwetsa. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana anayi. Pambuyo pake, kuyambira 1980 mpaka 1990, bungwe la BRAC ku Bangladesh linatumiza amayi khomo ndi khomo kukaphunzitsa amayi anzawo kasakanizidwe kake, ndipo anafika m'mabanja pafupifupi 12 miliyoni. Chimene chimandisangalatsa ndi mmene ankayezera ntchitoyo. Sankawerenga nyumba zimene mphunzitsi wayenda. Patapita nthawi wina ankabwerera kukamupempha mayi uja kuti asakanize yekha, ndipo malipiro a mphunzitsi ankatengera zimene mayiyo wakumbukira.

Tengerani nzeru imeneyo. Ophunzira unamwino akaphunzitsa pa mphakati, pasakhale kuomba m'manja kokha. Pakatha masabata awiri, amayi awiri a bungwe ndi ophunzira awiri abwerere ku nyumba zingapo ndi botolo la lita imodzi, apemphe mwini nyumba awaonetse. Akalakwitsa anthu ambiri pa chinthu chimodzi, cholakwika ndi kaphunzitsidwe, ndipo ana a sayansi aphunzirapo kanthu kamene m'kalasi mulibe.

Zimene mwana sanganene

Pali malo amene mwana wa sukulu, ngakhale akhoze bwanji, sangatsegule pakamwa. Pamaliro ndi pamodzi. Amene timasambitsa thupi la mayi mnzathu ndife. Amene timaphika nsima ya anthu mazana, kusenza madzi, kutsuka mbale m'beseni limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndife. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tambiri, ndipo manja amene alisambitsa akalowa kukhitchini, maliro amodzi amabala ena. N'chifukwa chake azaumoyo amakonza okha thupi lotero ndi klorini, amafulumizitsa mwambo ndipo amaletsa kuphika. Zimapweteka. Kwa ife kulephera kumusambitsa mnzako kuli ngati kumutaya. Koma mawu oti tiyeni timvere alangizi, tipemphere, nyimbo tiimbe, koma thupi tisaligwire, akachokera kwa mayi wovala yunifolomu ya bungwe amene wakhala akugona pa maliro a m'deralo zaka 20, amamveka mosiyana ndi akachokera kwa mtsikana wa zaka 17.

Chimodzimodzi thobwa la pa chinkhoswe limene timasungunula ndi madzi osawiritsa n'kumatunga ndi kapu imodzi, chakudya chogona chimene sitinatenthetse mpaka kutuluka nthunzi, ndi zovala za wodwala zimene timakachapira kumtsinje. Ana atiuze chifukwa chake, koma kusintha kachitidwe ka pa mwambo ndi kwa eni mwambo. Ndipo wina akati za zimbudzi si nkhani ya m'tchalitchi, mutsegulireni Deuteronomo 23:12-14, aone kuti Aisraele analamulidwa kukhala ndi malo apadera kunja kwa zithando ndi chokumbira chofotserera. Papa Fransisko nayenso, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsa kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense. Choncho mapu a ana aja asathere pa kulangiza amayi okha. Ngati akuonetsa paipi yophulika imene yadutsa m'ngalande, kapena msika wopanda chimbudzi chogwira ntchito, apite kwa khansala ndi ku khonsolo ya mzinda ndi kalata yosainidwa ndi bungwe lanu.

Tiwateteze anawo

Chidwi chisatipangitse kuwaika ana pa ngozi. Ana asukulu sayeza odwala, salowa m'matenti a kolera, sagwira chimbudzi kapena masanzi a munthu, ndipo sasungunula klorini waufa, chifukwa amawotcha khungu ndi maso. Mabotolo oyezera aja akada asatsegulidwe ndi ana, aperekedwe kwa mphunzitsi kapena mlangizi kuti awathire mankhwala asanawataye. Poyenda m'makomo azikhala atatu kapena anayi, masana, ndi mayi mmodzi kapena awiri a bungwe, makolo awo atavomera. Mwana wathu wamkazi asatumidwe yekha pakhomo pa munthu chifukwa cha ntchito ya parishi.

Musayambe musanaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu. Mwina simudziwa kuti ntchito ya alangiziwa mbali ina inachokera ku kolera yemweyu: mliri wa 1973 utabuka, boma linalemba anthu othandiza pa kolera, ndipo m'kupita kwa zaka ntchito yawo inakula n'kukhala ya alangizi amene tikuwadziwa lero. Iwo ndi amene ali ndi uthenga wovomerezeka wa Unduna wa Zaumoyo, ndipo uthenga wa ana ufanane ndi wawo. Gulu lina likamati dikirani mphindi 30, lina n'kumati imwani pompo, anthu asiya kumvera onse. Pa katemera wa kolera, amene ndi wakumwa, anene zoona zokhazokha: amathandiza, koma chitetezo chake chimatha pakapita nthawi, ndipo wolandira katemera asasiye kuteteza madzi ake.

Kumbukiraninso kuti ana a sukulu amatha kudzimva. Akaphunzira mawu awiri a Chingerezi amafuna kuwagwiritsa ntchito pa agogo awo. Muwakonze mwachikondi asanatuluke: alankhule Chichewa, ayambe ndi moni, akhale pansi akapatsidwa mpando, afunse asanaphunzitse. Akapeza ndowa yosavundikira asaseke, afunse ngati chivundikiro chilipo. Nthawi zambiri yankho ndi lakuti ndowa ndi imodzi, yomweyo yochapira, yomweyo yosungira madzi akumwa, ndipo pamenepo nkhani yasanduka ya bungwe lanu ndi thumba lake lachifundo. Inunso amayi, mwana akakukonzani pa muyezo wa Thanzi pagulu, musamuyang'ane ndi diso lija timayang'anira ana olankhula pa akulu. Mwamuitana nokha.

Nthawi yabwino ndi Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanayambe ndiponso mayeso ali kutali. Loweruka atatu akwana: loyamba la mapu, lachiwiri la madzi ndi Thanzi, lachitatu loti magulu onse afotokoze zimene apeza pamaso pa amayi, Bambo Mfumu, mlangizi ndi mfumu ya dera. Amayi a mipingo ina ndi Asilamu a m'dera lanu muwaitane, poti mumatunga pa kiyosiki imodzi.

Pamsonkhano wa lero kambiranani izi: madzi akasiya kutuluka masiku awiri, mabanja a mu mphakati wanu amatunga kuti? Munthu atayamba kutsekula m'mimba 11 koloko usiku, paketi ya Thanzi ingapezeke nyumba iti, ndipo galimoto kapena njinga yamoto yomutengera kuchipatala ndi ya yani? Musanatseke ndi pemphero, sankhani amayi awiri oti akaonane ndi mphunzitsi wamkulu wa sekondale yapafupi, ndi awiri ena oti akapeze mlangizi wa zaumoyo. Mlembi alembe mayina awo ndi tsiku lodzapereka yankho. Pamsonkhano wamawa aliyense adzabwere ndi kapu imene amatungira madzi akumwa kunyumba kwake, osati yatsopano.